Route ikayamba kulemera mu Open Rails: kupeza gwero la vuto ndi kulikonza

Anthu omanga route (njanji pamodzi ndi dziko loizungulira) mu Open Rails, pulogalamu ya pa kompyuta yoyeserera kuyendetsa sitima, amakumana ndi vuto limodzi mobwerezabwereza. Ntchito imayenda bwino pamene akuyala njanji ndi kuumba mapiri, koma siteshoni yaikulu ikangodzazidwa ndi nyumba, mipanda, mitengo ndi mabogi oimikidwa, sitima imayamba kuyenda modukizadukiza, kapena pulogalamu imangotseka yokha pakati pa ulendo. Zikatere, ena amathamangira kuchotsa zinthu zimene anazivutikira pomanga, ena amakagula graphics card yatsopano, ndipo kawirikawiri onsewa amapeza kuti palibe chenicheni chimene chasintha. Kulemera kwa route kuli ndi magwero angapo osiyana, ndipo mankhwala a gwero limodzi sagwira pa linzake.

Mafayilo amene Open Rails imawerenga anachokera ku Microsoft Train Simulator (MSTS), imene kampani ya Kuju Entertainment inapanga ndipo inatuluka mu 2001 ili ndi ma route 6, kuphatikizapo Marias Pass ya ku Montana ndi Settle and Carlisle ya ku England. Kamangidwe kake kanali koyenerera makompyuta a nthawi imeneyo. Dziko lonse linagawidwa m'zigawo zotchedwa tile, chilichonse cha mamita 2048 m'litali ndi 2048 m'lifupi, ndipo tile iliyonse ili ndi fayilo yake mu foda ya WORLD imene imasunga mndandanda wa zinthu zonse zoimikidwa pamenepo. Open Rails ndi pulogalamu yobwera pambuyo pake, yaulere, yolembedwa ndi anthu odzipereka, ndipo imanyamula katundu wolemera kwambiri kuposa MSTS, koma kagawidwe ka dziko ndi komweko. Amene wamvetsa kagawidwe kameneka savutika kuzindikira chifukwa chimene route yake ikutsimphinira.

Yambani ndi kuyeza

Musanachotse chinthu ngakhale chimodzi, konzani ulendo waufupi woyesera umene muzibwereza nthawi zonse: sitima yomweyo, malo oyambira omwewo, ola lomwelo, nyengo yomweyo ndi kamera yomweyo. Popanda zimenezi manambala a lero sangafananizidwe ndi a dzulo, chifukwa mvula, mdima, ngakhale kutembenuza kamera pang'ono chabe, zimasintha ntchito imene kompyuta ikugwira.

Tsegulani HUD (manambala amene pulogalamu imaonetsa pa sikirini), imene m'ma version akale imabwera ndi F5 ndipo m'atsopano ndi Alt+F5, kenako dinani Shift+F5 kangapo mpaka mufike pa tsamba la Debug Information. Pamenepo mupeza chiwerengero cha mafelemu pa sekondi, memori imene yagwiritsidwa ntchito, chiwerengero cha ma texture (zithunzi zovekedwa pa zinthu) ndi ma shape (maumbidwe a zinthuzo) amene awerengedwa, ma primitive a chithunzi ndi a mithunzi, ndiponso kutanganidwa kwa zigawo zinayi za pulogalamu: Render, Updater, Loader ndi Sound. Render ndiye amatumiza zojambula ku graphics card, Updater amawerengetsa kayendedwe ka masitima ndi ma signal n'kusankha zoti zioneke, Loader amawerenga mafayilo pa disiki, ndipo Sound amayang'anira mawu. Chigawo chimene chafika pafupi ndi 100 peresenti ndicho chikuchedwetsa zinzake.

Ndi bwino kuganiza za nthawi ya felemu imodzi kusiyana ndi kungoyang'ana chiwerengero cha mafelemu. Mafelemu 60 pa sekondi amatanthauza kuti kompyuta ili ndi mamilisekondi 16.7 okha kuti imalize chithunzi chimodzi, ndipo mafelemu 30 amapereka mamilisekondi 33.3. Kutsika kuchoka pa 120 kufika pa 90 kumaoneka kwakukulu pa nambala, koma ndi mamilisekondi osakwana 3, pamene kutsika kuchoka pa 30 kufika pa 20 ndi mamilisekondi pafupifupi 17. Izi zimathandiza kuti musataye nthawi kukonza tchire limene likuyenda kale bwino pamene siteshoni ndiyo ikufuna chisamaliro.

Mukayeza motere, muona kuti vuto lanu likugwera m'gulu limodzi mwa awa: mafelemu amatsika pa malo ena ake n'kukhalabe otsika ngakhale sitima itaima, kapena chithunzi chimadodoma pakapita kamtunda kofanana nthawi zonse, kapena pulogalamu imatseka yokha mutayenda nthawi yaitali.

Mafelemu akatsika pa malo odzaza zinthu

Imitsani sitima pa malo oipitsitsa, lembani manambala, kenako tsitsani kukula kwa chithunzi, mwachitsanzo kuchoka pa 1920 ndi 1080 kufika pa 1280 ndi 720, n'kubwerera pa malo omwewo. Apa timadontho tojambulidwa tachepa kupitirira theka. Ngati mafelemu akwera kwambiri, graphics card ndiyo inali yolemedwa. Ngati sanasinthe, kapena asintha pang'ono chabe, vuto lili pa purosesa, ndipo m'ma route omangidwa ndi zinthu zambiri zing'onozing'ono yankho limakhala limeneli nthawi zambiri.

Chimene chimatopetsa purosesa ndi chiwerengero cha ma primitive. Primitive ndi chidutswa chimodzi cha chojambula chimene chili ndi texture imodzi ndi kawalidwe kamodzi, ndipo pa chidutswa chilichonse purosesa imayenera kukonza malangizo ake n'kuwatumiza ku graphics card payekhapayekha. Zili ngati kalaliki wa pa sikelo amene amalemba lisiti pa thumba lililonse: thumba limodzi la makilogalamu 50 limadutsa ndi lisiti limodzi, koma timatumba 50 ta kilogalamu imodzi timafuna malisiti 50, ngakhale chimanga chake ndi chofanana. Graphics card ya masiku ano imajambula timakona (tizidutswa ta makona atatu timene timaumba chinthu) mamiliyoni ambiri popanda kutopa, koma imakhala ikudikira purosesa. N'chifukwa chake nyumba imodzi ya timakona 20,000 yovekedwa texture imodzi imakhala yopepuka kuposa kanyumba ka timakona 500 kamene denga, khoma, chitseko, zenera, chumuni ndi khonde zili ndi texture yakeyake. Omanga ambiri amawerenga timakona chifukwa ndi zimene anaphunzira m'masiku a MSTS, koma mu Open Rails nambala yoyenera kuiopa ndi ya Render primitives.

Njira yoyamba yochepetsera nambalayi ndi kusonkhanitsa zithunzi za mbali zonse za chinthu pa texture imodzi. Denga, khoma ndi mazenera zikakhala pa chithunzi chimodzi cha 1024 ndi 1024, ndipo zonse zili ndi kawalidwe kamodzi, nyumbayo imajambulidwa kamodzi. Njira yachiwiri ndi kuphatikiza zinthu zoyandikana kukhala shape imodzi. Mzere wa nyumba 10 za ogwira ntchito pa siteshoni, pamodzi ndi mipanda ndi zimbudzi zake, ukhoza kukhala chinthu chimodzi chokhala ndi texture imodzi kapena ziwiri. Mpanda wa mamita 200 womangidwa ndi tizidutswa ta mamita 5 ndi zinthu 40, pamene zidutswa za mamita 50 zikanakhala 4 zokha. Komabe musapitirize muyeso pa kuphatikizaku. Shape yotalika kilomita yathunthu imajambulidwa yonse ngakhale kachigawo kake kokha ndiko kakuoneka, ndipo siitsatira bwino kukwera ndi kutsika kwa nthaka.

Njira yachitatu ndi Model instancing, imene imayatsidwa m'zosankha za Video. Ikayatsidwa, Open Rails imasonkhanitsa zinthu zosayenda zimene zili zofanana ndendende mu tile imodzi n'kuzijambula pamodzi. Mapolo a magetsi, nyali za pa pulatifomu ndi mabenchi zimapindula kwambiri. Phindu limeneli limatayika ngati womanga ali ndi makope angapo a chinthu chimodzi okhala ndi mayina osiyana, zimene zimachitika kawirikawiri munthu akamatola zinthu m'ma route osiyanasiyana, chifukwa kwa pulogalamu dzina lina ndi chinthu china. Ndi bwino kusankha mtundu umodzi wa polo, mitundu iwiri kapena itatu ya nyumba za m'mudzi, n'kumaziimika motembenuza mosiyanasiyana, kusiyana ndi kukhala ndi mitundu 30 imene woyendetsa sitima sangaisiyanitse pa liwiro la makilomita 60 pa ola.

Mitengo ili ndi nkhani yakeyake. Mtengo woimikidwa pawokha ndi chinthu chimodzi mu fayilo ya tile, ndipo mitengo yabwino imakhala ndi texture ya thunthu ndi ina ya masamba. Chida cha forest chimadzaza dera lonse ndi mitengo yathyathyathya imene imatembenukira ku kamera, ndipo nkhalango yonseyo imajambulidwa ngati chidutswa chimodzi. Pafupi ndi njanji mitengo yoteroyo siikongola kwenikweni, choncho nzeru ndi kuimika mitengo yeniyeni m'mizere iwiri yoyamba, kapena pamene sitima imaima ndipo munthu ali ndi nthawi yoyang'anitsitsa, n'kusiyira forest zonse za kumbuyo. Ngati mitengo ya forest ikumera pakati pa njanji, Open Rails ili ndi mzere wotchedwa ORTSUserPreferenceForestClearDistance umene umaikidwa mu fayilo ya .trk n'kuuza pulogalamu mamita oti isiye opanda mitengo m'mbali mwa njanji. Mzerewu umakupulumutsani ku ntchito yodula nkhalango imodzi kukhala tinkhalango 12 tozemba njanji, ntchito imene ikanabweza kulemera komwe mumathawa.

Chinanso chimene ambiri sachiyang'ana ndi mtunda umene chinthu chimasiyira kuoneka. Mu fayilo iliyonse ya shape muli mzere wa dlevel_selection umene umanena mtundawu m'mamita, ndipo zinthu zambiri zimabwera zili ndi 2000 posatengera kukula kwake. Masamu ake ndi osavuta: kamera ikakhala pa madigiri 45 ndipo sikirini ili ndi timadontho 1080 kuchoka pamwamba kufika pansi, chinthu chotalika mita imodzi chimene chili pa mamita 1000 chimatenga kadontho kamodzi ndi pang'ono, ndipo pa mamita 2000 sichikwanitsa n'kadontho kamodzi komwe. Bini ya zinyalala, benchi, chikwangwani chaching'ono ndi munthu woimirira pa pulatifomu zikhoza kuzimiririka pa mamita 300 kapena 400 popanda wina kuzindikira, pamene thanki ya madzi, mlatho ndi nsanja ya tchalitchi ziyenera kuonekera patali. Pulogalamu ya Shape File Manager imatha kumasula fayilo ndi kusintha mitunda imeneyi. Ngati mumapanga nokha zinthu, ikani milingo iwiri kapena itatu, ndipo muonetsetse kuti mlingo wa patali uli ndi ma primitive ochepa, chifukwa kuchepetsa timakona tokha n'kusiya ma texture 6 omwewo sikupeputsa purosesa. Poyesa zimenezi, zimitsani chosankha cha Extend object maximum viewing distance to horizon ngati version yanu ili nacho, popeza chimanyalanyaza mitunda imene mwaika.

Mithunzi imachulukitsa zonsezi. Chinthu chilichonse chokhala ndi mthunzi chimajambulidwa kachiwiri kuchokera kumene kuli dzuwa, nthawi zina kangapo, ndipo n'chifukwa chake HUD imaonetsa Shadow primitives paokha. Zimitsani Dynamic shadows kwa kanthawi kuti muone kusiyana kwake. Ngati kusiyanako n'kwakukulu, bwererani mu editor n'kuchotsa mthunzi pa zinthu zimene sizikuufuna: udzu, mipanda ya waya, zinthu za pansi pa denga la pulatifomu zimene zili kale mumthunzi, ndi nyumba za kutali ndi njanji. Chosankha cha Shadow for all shapes chimapereka mthunzi kwa chilichonse posatengera zimene womanga anasankha, ndipo pa siteshoni yodzaza mtengo wake ndi waukulu kuposa kukongola kumene chimawonjezera.

Womanga amene akufuna kuti route yake iyende pa makompyuta amphamvu ndi ofooka omwe ali ndi chida china m'manja. Chinthu chilichonse chikhoza kupatsidwa mlingo wa kufunika kwake, umene mu fayilo ya tile umaoneka ngati Tr_Watermark, ndipo woyendetsa akatsitsa World object density zinthu za mlingo wapamwamba zimasiya kuwerengedwa. Njanji, milatho, mapulatifomu ndi nyumba zikuluzikulu zikhale pa mlingo wotsika kuti zisachoke, ndipo zokongoletsa zikhale pamwamba. Ma route ambiri ali ndi zinthu zonse pa mlingo umodzi, kotero kuti chosankhachi chimakhala chopanda ntchito, ndipo zimenezi n'zomvetsa chisoni chifukwa kugawa milingo pomanga sikutenga nthawi, pamene kubwerera kukagawa zinthu masauzande route itatha ndi ntchito yotopetsa.

Ngati kuyesa kuja kotsitsa kukula kwa chithunzi kunasonyeza kuti graphics card ndiyo yolemedwa, yang'anani zinthu zoonekera kuseri: udzu, masamba, utsi, mawindo ndi mipanda ya waya. Pamene timapepala ta udzu 20 tasanjikizana, kadontho kamodzi ka pa sikirini kamajambulidwa ka 20. Chepetsani udzu wosanjikizana, dulani malo opanda kanthu ozungulira chithunzi cha tsamba, ndipo tsitsani anti-aliasing (chosankha chosalaza m'mphepete mwa zinthu) musanaganize zogula china chilichonse.

Chithunzi chikamadodoma pa mtunda wofanana

Tengani wotchi. Sitima yoyenda pa makilomita 60 pa ola imadutsa mamita 2048 m'masekondi pafupifupi 123, ndipo pa makilomita 80 pa ola imatenga masekondi 92. Ngati kudodoma kukubwera motalikirana chonchi, kapena mocheperapo pamene njanji ikuyenda mopingasa ma tile, ndiye kuti kukuchitika pa malire a tile, pamene pulogalamu ikuwerenga mzere watsopano wa dziko. MSTS inkaima moonekeratu pa nthawi imeneyi. Open Rails imawerenga kuseri pamene sitima ikuyenda, koma ngati mafayilo ndi ambiri, disiki ndi yochedwa, kapena purosesa ili ndi ma core ochepa, kudodoma kumamvekabe, ndipo nthawi zina nyumba zimatulukira mochedwa sitima itayandikira kale.

Chosankha cha Viewing distance, mtunda umene dziko limaonekera, chili ndi mphamvu yaikulu pano kuposa mmene nambala yake imaonekera. Pa mamita 2000 pulogalamu imasunga tile imene muli ndi zoizungulira, zonse pamodzi 9. Mukangodutsa mamita 2048 pamafunika mkombero wina, ndipo ma tile amakhala 25. Pa mamita 6000 amakhala 49, ndipo pa mamita 10,000 amafika 121. Pa malire aliwonse pamawerengedwa ma tile 3 atsopano mu chitsanzo choyamba, koma 11 mu chomaliza. Amene akufuna kuona mapiri akutali asakweze Viewing distance, koma agwiritse ntchito Distant mountains, imene imajambula nthaka yosalongosoka kwambiri yopanda nyumba ndi mitengo, ndipo mtengo wake ndi wochepa zedi.

Kumbali ya womanga, chimene chimachedwetsa Loader ndi kuchuluka kwa mafayilo osiyanasiyana. Shape imene yawerengedwa kale siiwerengedwanso ngakhale itaimikidwa ka 500, koma shape yatsopano iliyonse imabwera ndi fayilo yake ya .s, ya .sd ndi ma texture ake. Apanso kubwereza zinthu zochepa kumapindulitsa. Nthaka nayo ikhoza kukhala gwero: tile iliyonse imagawidwa m'timagawo 16 m'litali ndi 16 m'lifupi, zonse pamodzi 256, kalikonse ka mamita 128. Amene amadula chithunzi cha m'mlengalenga kuti kagawo kalikonse kakhale ndi texture yakeyake amakhala ndi mafayilo 256 pa tile imodzi ndi 2304 pa ma tile 9. Chithunzi chimodzi chachikulu choyalidwa pa tile yonse, kapena ma texture ochepa a dothi, udzu ndi minda obwerezedwa, ndi zopepuka kwambiri.

Zotsala ndi za kompyuta yeniyeniyo: sungani route pa SSD, uzani antivirus kuti isafufuze foda ya sitima nthawi iliyonse fayilo ikatsegulidwa, ndipo musaike mafayilo a route mu Program Files, mmene Windows imaletsa kulemba mwaufulu.

Pulogalamu ikatseka yokha

Choyamba tsegulani OpenRailsLog.txt, imene imalembedwa pa Desktop, ndipo werengani mizere yomaliza. Ngati pali mawu onena za kutha kwa memori, kapena ngati nambala ya memori pa HUD inali kukwera mosalekeza mpaka pamene pulogalamu inagwa, nkhani ndi ya ma texture. Ngati imagwa pa malo amodzi nthawi zonse, ngakhale mutayambira ulendo pafupi ndi malowo, ndiye kuti pali fayilo yowonongeka, ndipo dzina lake kawirikawiri limapezeka mu log. Pamene log siikutchula dzina, sungani kope la fayilo ya tile imeneyo, chotsani theka la zinthu, yesani, n'kupitiriza kugawa pakati mpaka mutapeza chinthu cholakwacho. Ngakhale zinthu zitakhala 1000, kugawa ka 10 kumakwanira.

Kukula kwa fayilo pa disiki kumanyenga. Fayilo ya .ace, imene imasunga texture, ikhoza kupanikizidwa kuti ichepe pa disiki, koma ikawerengedwa imafutukuka n'kubwerera pa kukula kwake kwenikweni. Texture ya 1024 ndi 1024 yosapanikizidwa imatenga ma byte 4 pa kadontho kalikonse, kutanthauza 4 MB, ya 2048 imatenga 16 MB, ndipo ya 4096 imatenga 64 MB. Ma mipmap, amene ndi makope ang'onoang'ono ogwiritsidwa ntchito patali, amawonjezera gawo limodzi mwa magawo atatu. Mtundu wa DXT ndi wosiyana chifukwa umakhalabe wopanikizidwa ngakhale mu graphics card: DXT1 imatenga theka la byte pa kadontho, ndipo DXT5 imatenga byte imodzi. Choncho ma texture 200 a 2048 amafuna 3200 MB osapanikizidwa, koma 400 MB okha mu DXT1, tisanawerengere ma mipmap. Palibe kusintha kwina kulikonse kumene kumabweza memori yochuluka chotere pa ntchito yochepa chotere.

DXT1 ndi yoyenera makoma, madenga ndi nthaka, komanso zinthu zimene kadontho kake kamaoneka kapena sikaoneka basi, monga mpanda wa waya. Magalasi ndi utsi, zimene zimaonekera kuseri pang'onopang'ono, zimafuna DXT5. Kupanikizaku kumawononga pang'ono malembo ang'onoang'ono ndi mitundu yosintha mosalala, choncho zikwangwani za liwiro ndi mayina a masiteshoni zikhoza kusiyidwa zosapanikizidwa malinga n'zazing'ono. Sungani chithunzi choyambirira padera, chifukwa kutsegula DXT n'kuipanikizanso kumawonjezera kuwonongeka ulendo uliwonse. Open Rails imawerenga mafayilo a DDS, mtundu wina wa mafayilo a texture, koma MSTS siiwerenga, ndipo amene akufuna kuti route yake iyende m'mapulogalamu onse awiri ayenera kusunga ma .ace. Musachotse ma mipmap poganiza kuti mukupulumutsa memori, chifukwa popanda iwo madenga ndi njanji zakutali zimanyezimira mosokoneza maso ndipo graphics card imagwira ntchito yambiri.

Funso loyenera kudzifunsa pa texture iliyonse ndi lakuti chinthucho chidzaonedwa pa mtunda wanji. Nyumba imene ili mamita 150 kuchokera pa njanji siifuna 2048, ndipo 512 imakwana. Kuchepetsa mbali ndi theka kumachepetsa memori kanayi.

Pali malire ena amene sadalira RAM imene mwagula. Pulogalamu ya 32-bit imapatsidwa 2 GB ndi Windows, kapena 4 GB ngati ili ndi chizindikiro cha Large Address Aware ndipo ikuyenda pa Windows ya 64-bit. MSTS ndi ya 32-bit, ndipo ngakhale MSTS Bin, chowonjezera cha pa MSTS chimene chinakonza zambiri, sichinachotse malirewa. Ma version akale a Open Rails anali ndi chosankha choyatsira Large Address Aware, choncho amene akadali pa version yakale ayambe watenga version yatsopano asanayambe kudula route yake. Vutoli silinali la banja la MSTS lokha, popeza Train Simulator ya Dovetail Games inapeza mtundu wa 64-bit mu 2018 pa chifukwa chomwechi.

Pamene Updater ndiye wadzaza

Nthawi zina ma primitive ndi ochepa, memori ilipo, koma mafelemu ndi otsikabe, ndipo HUD ikusonyeza kuti Updater ndiye watanganidwa. Yendetsani route yomweyo popanda activity (ulendo wokonzedweratu wokhala ndi masitima ena), muli sitima yanu yokha. Ngati zinthu zayenda bwino, kulemera kuli pa masitima ena, pa ma signal kapena pa magalimoto a pa msewu. Signal iliyonse imawerengetsa malamulo ake a mu sigscr.dat mobwerezabwereza, ndipo cholakwa m'malamulowo chimadzaza log ndi machenjezo. Mabogi oimikidwa mu yadi kudzera mu activity ndi mabogi enieni, aliyense ndi mafayilo ake a .wag, mawilo ndi mawu. Amene akumanga yadi yonga ya ku Limbe, kapena njanji yodutsa pa Nkaya pamene pamadutsa masitima aatali a malasha ochokera ku Moatize kupita ku Nacala, adzakumana ndi zimenezi msanga, chifukwa bogi imodzi ya ma primitive 15 ikabwerezedwa ka 100 imapereka 1500, ndipo Model instancing siithandiza pa zinthu zoyenda. Pa mizere ya yadi imene sitima siidzalowamo, ikani mabogi ongoonetsera, opangidwa ngati shape imodzi yosayenda yokhala ndi mabogi 5 kapena 10.

Pa laputopu onetsetsani kuti pulogalamu ikugwiritsa ntchito graphics card yeniyeni osati ya mkati mwa purosesa, zimene log imasonyeza m'mizere yoyambirira. Yesani muli pa magetsi, chifukwa pa batire laputopu imadzichepetsera liwiro, ndipo manambala otengedwa magetsi atathima sangafananizidwe ndi ena. Ngati mafelemu amayamba bwino n'kutsika pakapita mphindi zingapo sitima ili pa malo omwewo, ndi kutentha, ndipo fumbi la m'fani ndilo loyamba kuliganizira.

Kuteteza route pamene mukuikonza

Kupeputsa route kumafuna kukhudza mafayilo ambiri, ndipo apa ndi pamene ntchito ya miyezi ikhoza kuwonongeka. Njanji imalembedwa pa malo awiri: chithunzi chake chili m'mafayilo a WORLD, pamene njira imene sitima imatsata ili mu fayilo ya .tdb, pamodzi ndi .tit imene imasunga ma signal, mapulatifomu ndi zikwangwani za liwiro. Misewu ili ndi .rdb ndi .rit. Mafayilowa akasemphana, mwachitsanzo chifukwa editor yagwa kapena magetsi athima ikusunga, sitima imayenda pamene palibe njanji kapena imakana kudutsa pamene njanji ikuoneka bwinobwino. Musanayambe ntchito ya tsiku, koperani pamodzi foda ya WORLD, foda ya TILES, mafayilo anayi aja ndi tsection.dat ya mu route, n'kulemba deti pa kopelo. Kubwezeretsa .tdb ya dzulo pamwamba pa WORLD ya lero kumabweretsa kusemphana komweko kumene mumafuna kukonza, choncho zonse zibwezeretsedwe pamodzi.

TSRE5, pulogalamu yomangira route, ndi yokhazikika kwambiri kuposa Route Editor yakale ya MSTS ndipo imalola kuika zinthu zambiri pa tile imodzi popanda kugwa, koma ufulu umenewu ndi umene umachititsa kuti womanga adzaze malo mopitirira asanazindikire. Kuyenda bwino kwa editor sikutsimikizira kuti simulator idzayenda bwino, choncho yesani mu Open Rails mukamaliza tile iliyonse yodzaza, ndipo lembani ma primitive ndi memori pa malo atatu kapena anayi oipitsitsa kuti mudziwe tsiku limene nambala inalumpha. Pulogalamu ya Route_Riter imathandiza kupeza ma shape ndi ma texture osowa komanso amene sakugwiritsidwa ntchito. Mafayilo osagwiritsidwa ntchito salemetsa ulendo, amangodzaza disiki, koma samalani powachotsa chifukwa ma texture a usiku ndi a chipale ali m'mafoda a NIGHT ndi SNOW ndipo amaitanidwa kudzera mu ESD_Alternative_Texture ya mu fayilo ya .sd.

Malizitsani njanji yonse musanayambe kukongoletsa ndi kulemba ma activity. Kusuntha mphambano imodzi kumasintha .tdb, ndipo mafayilo a .pat (njira zojambulidwira masitima) amene amadutsa pamenepo akhoza kusiya kugwira ntchito, zimene zimafuna kuti njira iliyonse yokhudzidwa ijambulidwenso ndi kuyesedwa kuyambira poyambira mpaka pothera.